Kabedi Kamene Kanatsogola

A Levulo anali kalipentala wa mipando ndi mabedi. Dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa levulo, kachida koyezera ngati chinthu chapendekeka, sinkachoka m'thumba lawo lakumbuyo, ngakhale popita kokametetsa. Lamulo lawo pantchito linali limodzi: chilichonse chotuluka m'shedi mwawo ankayamba achiyesa ndi thupi lawo. Mpando ankaukhalira n'kudzigwedeza ngati munthu woyabwidwa. Bedi ankaligonera, kutembenuka, kenako n'kudziponyapo mwamphamvu wogula akuonerera. Anali bambo wathupi ndithu, moti chimene chapirira iwo chinkapirira banja lonse.

Kabedi ka mwana kokha ndi kamene sakanatha kulowamo.

Kabediko anakapangira mdzukulu wawo, kamnyamata konenepa kamene onse ankakatchula kuti Abwana chifukwa kakalira panalibe wopitiriza zimene akuchita. Mayi ake a Abwana, mwana wamkazi wa a Levulo, ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, mopanikizana moti ukatsegula chitseko chinkagunda tebulo. Ndiye a Levulo anamuganizira kabedi kopinda. Mbali zake zinali ndi mahinjesi. Ukafuna kugoneka mwana unkaziimika n'kukoletsa tingowe tiwiri tachitsulo m'makona, kukacha n'kukapinda kuti kalowe kuseri kwa chitseko.

Mwana wawoyo anakajambula, Abwana ali gone m'katimo, n'kukaika pa msika wa pa intaneti. Anawauza atachita kale.

"Ababa, anthu akukafuna. Ndalemba kuti tituluka nato Loweruka lomaliza la mwezi uno. Wofuna alipiriretu, timusungire kake."

"Alipiriretu chiyani? Kabedi n'kamodzi, ndipo mwagona mwana wako."

"Ndi mmene akugulitsira masiku ano. Umaonetsa chithunzi, anthu amalipira, iwe n'kumapanga."

"Kugulitsa chinthu choti kulibe? Ife timati kuba kumeneko."

"Inu pangani timabedi, za foni mundisiyire ine."

Anang'ung'udza masiku awiri, koma atamva kuti olipira afika makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi, anasiya kung'ung'udza n'kukagula matabwa. Kunena zoona zinawakomera. Zaka zonsezi akhala akudikira wodutsa m'njira kuti afunse mtengo wa mpando, lero anthu osawadziwa n'komwe akuchita kulimbirana ntchito ya manja awo.

Poti sakanatha kulowamo, anayesa ndi thumba la mchenga lolemera kuposa ana atatu. Analisiya m'kabedi sabata yathunthu. Thabwa silinapindike, hinjesi sinalire. Anaikapo levulo, kamadzi kanaima pakati penipeni. A Levulo anapukusa mutu monyadira n'kunena kuti ngakhale mwana wa njovu akhoza kugonamo.

Mwa olipira aja munali mayi wina amene sanafune kudikira. Ankalemba tsiku ndi tsiku. Tchuthi chake chatha, wabwerera kuntchito, mwana wake wa miyezi isanu ndi inayi wagwa kale kawiri pabedi lalikulu, chonde amuthandize. Mwana wa a Levulo anamva chisoni, ndipo kabedi koyamba kuuma vanishi anakakulunga m'makatoni n'kukapereka kwa wanjinga yamoto wa kumsikako. Kanapita patatsala masiku khumi ndi awiri kuti Loweruka lija lifike.

Lachitatu la sabata yomaliza, cham'mawa, mwana wawo anabwera kushedi kudzajambula timabedi tomwe tinali titandanda kukhoma, tonyezimira, tonunkhira vanishi. Anatsegula kamodzi, anakoletsa tingowe, n'kukhazikamo Abwana kuti manja apeze mpata. A Levulo anali pambali pomwepo akupala thabwa.

Sabata imeneyo Abwana anali atangotulukira kuti miyendo ili ndi ntchito. Anagwira timitengo ta m'mbali, anadzikoka, n'kuimirira ali dedede. Atazindikira kuti aima, chimwemwe chinawakwera, ndipo anayamba kugwedeza mbali ija ndi manja onse awiri akuseka, dovu lili chuchuchu.

A Levulo anamva kaphokoso kachitsulo, kakang'ono, ngati supuni ikugunda kapu. Atacheuka anaona kangowe kakudumpha m'bowo mwake, pang'onopang'ono, mwana akagwedeza iko n'kukwera. Kenako kanatuluka n'kulendewera. Ka mbali inayo kanali katatuluka kale.

Sanafuule. Anangotaya puleni n'kuponya dzanja. Mbali ija inapindikira m'kati mwamphamvu, ndipo pamene matabwa awiri ankakumana panali khosi la Abwana, koma dzanja lawo linafika poyamba. Thabwa linawapana zala zitatu. Mwana anagwa chagada pamatiresi n'kulira mokuwa.

Mayi ake anamutola, akumuyang'anitsitsa khosi, mutu, msana. Analibe bala. A Levulo anangoima, magazi akutsika m'chikhatho kudontha pa utuchi. Ululu sanaumve. Anapita pa kabedi kachiwiri, anakatsegula, anakoletsa tingowe, n'kugwira mbali ndi dzanja labwino kuigwedeza mofatsa, monga achitira mwana. Asanafike kagwedezedwe ka makumi awiri tingowe tinatuluka. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi sikanachedwe n'komwe.

"Mchenga," anatero motsitsa. "Ine ndinayesa ndi mchenga. Mchenga suimirira, mwana wanga. Mchenga sugwedeza."

Anayang'anana. Onse awiri anakumbukira nthawi imodzi, koma ananena ndi mayi ake a Abwana.

"Ababa. Kaja kanapita kaja."

A Levulo anakhala pa benchi. Mwana wa mayi uja anali wamkulu kuposa Abwana ndi mwezi wathunthu. Ngati Abwana ayamba kuimirira sabata ino, ndiye uyo anayamba liti? Masiku asanu ndi anayi kabedi kali m'nyumba ya eni, ndipo iwo masiku onsewo akhala akuimba mluzu m'shedi.

"Muimbire. Pompano."

"Nambala yake ndilibe. Msikawu suvumbulutsa manambala, timangolemberana momwemo."

"Dzina lake?"

Anawaonetsa foni. Panali chithunzi cha duwa lofiira ndi manambala angapo, basi. Mwanayo analemba uthenga, Abwana ali kumsana akusisima: Chonde musamugonekenso mwana m'kabedi, n'koopsa, tiimbireni. Uthenga unapita. Anadikira chizindikiro chosonyeza kuti wawerengedwa. Pansi pa duwa lija panalembedwa kuti mwini wake anatsegula komaliza masiku asanu apitawo.

Masiku asanu amenewo ndi amene anawatha mtima a Levulo. Munthu amene ankalemba tsiku ndi tsiku, angosiya bwanji? Mwina watanganidwa ndi ntchito. Mwina katundu wake wafika ndiye alibenso chochita pamsikapo. Koma maganizo ena, amene sanafune kuwatchula, anabwera n'kukhala pachifuwa ngati mwala.

Mwana wawo anaimbira ku ofesi ya msika. Foni inawaimbira nyimbo kwa mphindi zambiri, kenako kunamveka mawu aulemu kwambiri, onena kuti pepani, malamulo salola kupereka nambala kapena adiresi ya wogula, dandaulo lawo lalandiridwa ndipo ayankhidwa pasanathe masiku awiri ogwira ntchito.

A Levulo analanda foni. "Achemwali, ndikunena za khosi la mwana. Khosi! Masiku awiri ake ati?"

"Ndamva, bambo. Ndalemba kuti n'zachangu."

Anabweza foni. "Lemba patsamba pako paja, poti aliyense aone. Mwina wina akumudziwa. Unene kuti kabedi kali ndi vuto, Loweruka kulibe chotuluka."

Mwanayo anazengereza. Tsambalo anali atalilera ngati dimba, masabata onsewa osapuma, ndipo linali chiyembekezo chake chotulukira m'kachipinda kaja. "Ababa, tikalemba poyera onse athawa. Sitidzagulitsanso ngakhale supuni. Bwanji tingosintha tingowe mwakachetechete?"

"Tisintha. Koma uyo ali nako kaleyo timuuza mwakachetechete bwanji, poti sitikumudziwa?"

Mwanayo anayang'ana dzanja la bambo ake, lomwe tsopano linali litatupa ngati buledi, ndipo analemba.

Wotsala anali wanjinga yamoto. Mwanayo ankangokumbukira kuti anali wamtali, wa chipewa chosweka chomata ndi tepi yakuda. A Levulo anakulunga dzanja ndi kansanza n'kuuyamba wa kumene anjinga a kumsikako amadikirira katundu, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, pansi pa denga lamalata. Anapezako anthu oposa makumi awiri, ndipo zipewa zosweka zomata ndi tepi zinali zisanu ndi chimodzi. Anayenda mmodzimmodzi akufotokoza, mawu akuwathawa, ena akuwaseka kuti madala mwataya chiyani. Dzuwa linali litafika pamutu pamene wina wongofika kumene, akuzimitsa njinga, anati, "Chikatoni chachikulu chija? Chinandivutitsa pamsana chimene chija. Ndikukumbuka dera lake, koma nyumba ndiye kaya. Patsiku ndimagogoda mageti makumi atatu."

"Tiyeni. Mukaona mukumbukira."

Paulendo wonse a Levulo sanaone msewu. Ankangowerenga nthawi ya ana. Mwana amadya cham'ma leveni, kenako amagona. Akadzuka salira msanga, amayamba wasewera yekha, wogwira ntchito ali panja kuchapa. Amagwira timitengo, amadzikoka. Njinga ikaima pa maloboti iwo ankamva kaphokoso ka supuni kaja m'makutu, ndipo ankamenya wanjinga paphewa kuti tiyeni, tiyeni.

Derali linali la nyumba zofanana, mipanda yofanana, mageti akuda okhaokha. Geti loyamba kunatuluka agalu. Lachiwiri, bambo wina wa kabudula anati kuno kulibe mwana, ndipo anawayang'ana dzanja lamagazi mokayikira. Pamene ankadutsa msewu wachitatu a Levulo anakuwa kuti ima. Pambali pa geti lina, pamulu wa zinyalala zodikira galimoto, panali katoni yonyowa yopindidwa, ndipo m'mbali mwake munali tepi yomata mopingasa kawiri, mmene amamatira kushedi kwawo kokha.

Anagogoda ndi chibakera. Patapita nthawi kadzenje ka pageti kanatseguka, ndipo kunaoneka maso a mayi wachikulire ndithu, wa mpango kumutu.

"Madamu kulibe."

"Inu ndinu olera mwana?"

"Eya. Mukufuna chiyani?"

"Mwana ali kuti panopa? Ali m'kabedi?"

Maso aja anaphethira. "Ndinu ndani?"

"Ndine ndinapanga kabediko. Mayi, chonde, kamutulutseni kaye, zina tikamba pambuyo. Kali ndi vuto. Mbali yake imagwa."

"Kabedi kali bwinobwino," anayankha mofulumira kwambiri, ngati mawu amene anawakonzeratu. "Palibe chachitika. Ine sindinakhudze chilichonse."

A Levulo sanakhulupirire. Munthu amene sanaone kanthu sayankha choncho. Anamasula kansanza kaja n'kukweza dzanja pakadzenje. Chikhadabo chimodzi chinali chitazuka, zala zili bii.

"Ichi chachitika m'mawa uno. Pamenepa panali khosi la mdzukulu wanga. Sindinabwere kudzakuimbani mlandu, mayi. Wolakwa ndine."

Kenako anamva loko akutsegulidwa.

Anadutsa pabalaza pomwe panali zidole mbwee, n'kulowa m'chipinda chokhala ndi makatani otseka. Kabedi kanali pakona, ndipo m'katimo munali kamtsikana, kali khale, maso ali tong'o kuyang'ana mlendo. Kanali moyo. A Levulo anayang'ana kabediko. Atayang'anitsitsa anaona kuti makona onse awiri anali omangidwa ndi chingwe choyanikira zovala, chozunguliza kambirimbiri, mfundo pamwamba pa mfundo.

"Kanagwa liti?"

Wolera mwana uja anakhala pansi, pasimenti, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. "Lolemba. Ndinali kukhitchini. Ndinangomva phwa! Ndinapeza thabwa lamupana mkono. Ndimaganiza kuti ndine ndinakoletsa molakwika, poti zinthu zamakonozi sindinazizolowere. Madamu anakadikira kabedi kameneka, anakalipira kasanapangidwe n'komwe, tsiku lililonse akundionetsa chithunzi pafoni. Ndiye ndiwauze kuti ndathyola? Ntchito ino ndayamba mwezi watha, bambo. Ndili ndi ana anayi."

"Munawauza chiyani?"

"Kuti anadzigunda kutebulo pokwawa."

"Nanga chingwechi sanachifunse?"

Mayiyo anaweramitsa mutu. "Sachiona. Ikamakwana faifi ndimamasula, n'kuchibweza panja."

A Levulo anafunsanso. "Ndiye mwana amagona pati inu mukaweruka?"

"Momwemo."

Lolemba, Lachiwiri. Masiku awiri mwanayu wagona m'kabedi kosamanga, mayi ake ali m'tulo pambali, akukhulupirira ntchito ya manja a munthu amene sanamuonepo. Chimene chamusunga n'chiyani? Anayandikira, anagwada, n'kutambasula manja. Kamtsikanako kanakweza mkono umodzi wokha, wamanja. Wamanzere unangokhala pamwendo. Apa ndi pamene anamvetsa chifukwa chake sikanagwedezenso kabedi chigwereni Lolemba: sikakanatha kudzikoka ndi mkono umodzi.

Anakanyamula mosamala. Pamwamba pa kachikhatho panali potupa, pobiriwira, ndipo atangokhudza ndi nsonga ya chala mwanayo anakuwa kulira kumene a Levulo sanakumvepo, kopyapyala, kotopa.

"Mkono uwu ukufunika kuchipatala lero lomwe."

Mayi uja anawagwira mwendo wa thalauza. "Bambo, chonde. Inu ndinu mmisiri. Tengani kabedika mukakonze, mubweze isanakwane faifi. Ine ndiwauza madamu kuti mkono ukutupabe, tipite kuchipatala, za tebulo zomwe zija. Palibe adziwe. Inu dzina lanu lisaipe, ine ntchito isathe."

Mawuwo anawalowa, ndipo zikanatheka. Masikuluwu anayi ndi tizitsulo tiwiri tokhoma, ntchito ya theka la ola. Mayi wa duwa lofiira sakanadziwa nkhope yawo mpaka kalekale. Ankaopa. Ankaopa apolisi, ankaopa chithunzi cha kamkono aka chikuzungulira m'mafoni a anthu pamodzi ndi dzina la mwana wawo, ankaopa kuti zaka makumi atatu za mipando yosathyoka zithera pa kangowe kamodzi. Koma dokotala akauzidwa za tebulo adzafufuza bala la tebulo. Ndipo tsiku lina bodza likadzaululika, woyamba kuponyedwa kunja kwa geti adzakhala mayi ali pansiyu, chifukwa cha chinthu chimene sanapange.

"Dzukani, mayi. Simunathyole kanthu. Chingwe chanuchi ndiye chachita ntchito imene ine ndinalephera. Nambala ya madamu muli nayo?"

"Andichotsa ntchito."

"Ndilankhula ndine. Inu mungoimba."

Mayiyo anatulutsa kafoni kakang'ono m'thumba la epuloni, anasaka nambala, n'kuwapatsira ndi manja awiri. A Levulo anakhala pamphepete pa bedi lalikulu, mwana ali pachifuwa akusisima, foni ili kukhutu. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Kenako kunamveka mawu a mayi wachitsikana, onong'ona ngati munthu amene watuluka mumsonkhano mothamanga.

"Halo? Anti, chachitika n'chiyani? Mwana ali bwanji?"

A Levulo anayankha.

"Mayi, si anti. Mwana wanu ndamunyamula pano, akupuma, musagwe mtima. Ine simundidziwa. Ndine kalipentala amene munamukhulupirira musanaone kanthu. Mkono wa mwana wanu sunavulale ndi tebulo ayi, ndauvulaza ndine. Bwerani, tipite naye kuchipatala. Mundipeza pompano, sindithawa."